Mmene mungakonzere dashibodi ya olemba pa pulatifomu yoti munthu amasindikiza yekha buku lake

Munthu amene wakhala chaka chathunthu akulemba buku, akalowa mu akaunti yake pa pulatifomu yosindikizira amakhala ndi mafunso atatu basi m'mutu: buku langa lafika pati, alipo amene wagula, ndalama yanga ndilandira liti. Zina zonse zimabwera pambuyo. Ine ndagwirapo ntchito yokonza madashibodi, masamba amene wolemba amaonerapo zinthu ngati zimenezi akalowa mu akaunti, ndipo chimene chimandiwawa nchoti ambirife timayambira pa ma graph okongola ndi mitundu yowala, kenako wolemba uja akalowa akusowa poyambira mpaka akulemba imelo kufunsa funso loti sikirini yoyamba ikanamuyankha pompo. Nde ndati ndilembe mmene ndimachitira ineyo, kuyambira poyambira penipeni, kaya mukupanga muli awiri kaya ndinu gulu lalikulu.

Sitepe 1: Musanajambule kalikonse, khalani pansi ndi olemba

Figma, pulogalamu yojambulira masikirini, idikire kaye. Pezani olemba asanu, osati anzanu okonza mapulogalamu ayi, olemba enieni oti anasindikizapo buku kapena ali pafupi kutero. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti anthu asanu amakwana kukuonetsani mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito ka chinthu, bola muzibwereza kuyesako kangapo, ndipo ine ndaona kuti nzoona. Musawafunse kuti mukufuna dashibodi yotani chifukwa akuuzani zimene anaona kwina. Apempheni akuonetseni mmene amalondolera malonda awo panopa. Wina akutsegulirani Excel, wina kope lolemba pamanja, wina akuuzani kuti amalowa m'maakaunti anayi m'mawa uliwonse nkumaphatikiza manambala pa calculator ya pa foni. Zimene akulemba m'kopemo ndi zimene dashibodi yanu ikuyenera kuonetsa.

Yesetsani kuti mwa asanuwo mukhale mitundu itatu ya anthu. Woyamba kumene amene ali ndi buku limodzi ndipo akuopa kudina batani lolakwika, wina amene ali ndi mabuku 30 ndipo akufuna kusintha mitengo ya mabuku khumi nthawi imodzi, ndi wina amene amalemba ndi mayina awiri kapena atatu, kapena amasindikizira anzake. Wachitatuyu musamuiwale. Olemba ambiri amagwiritsa ntchito dzina lina pa chikuto losiyana ndi la ku banki, ndipo ena safuna nkomwe kuti owerenga adziwe kuti mayina awiriwo ndi munthu mmodzi. Ndiye kuyambira tsiku loyamba, dzina la mwini akaunti likhale palokha, mayina olembera akhalenso paokha, ndipo dzina lenileni lisatulukire pena paliponse poti owerenga aone.

Sitepe 2: Lembani papepala ulendo wonse wa buku

Apa mpamene ine ndinalakwitsa kwambiri ulendo wanga woyamba. Ndinaganiza kuti buku limodzi ndi fayilo imodzi, mtengo umodzi, basi. Patapita miyezi olemba anayamba kufunsa za mabuku a pepala, ndipo zinapezeka kuti buku lomwelo likuoneka kawiri pa mndandanda ngati mabuku awiri osiyana, malonda ake ogawikana, wolemba osadziwa kuti onse pamodzi agula angati. Tinagwetsa database nkumanganso, ntchito ya masabata ambiri yoti ikanapewedwa ndi pepala limodzi.

Nkhani yake ndi yoti pali buku, kenako pansi pake pali mitundu yake: ebook, la pepala la chikuto chofewa, la chikuto cholimba, la mawu lomvera. Mutu, wolemba ndi mawu ofotokoza bukulo zimakhala pamwamba, zogawana. Koma mtundu uliwonse uli ndi fayilo yake, mtengo wake, ISBN yake (nambala yozindikirira buku pa dziko lonse), komanso pamene wafika pake. Zimatheka ndithu ebook kukhala pamsika pomwe la pepala lakanidwa chifukwa cha chikuto.

Kenako lembani malo onse amene mtundu wa buku ungakhalepo. Ine ndimagwiritsa ntchito awa: silinatumizidwe, likuunikidwa, likufunika kukonza, lili pa oda anthu akudikira tsiku lotuluka, lili pamsika, lili pamsika koma zosintha zikuunikidwa, lachotsedwa pamsika. Pa malo aliwonse yankhani mafunso awiri: panopa ntchito ili m'manja mwa ndani, wolemba kapena ife, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji. Amazon KDP, pulatifomu ya Amazon yosindikizira wekha buku, mwachitsanzo imawauza olemba kuti kuunika kutha kutenga mpaka maola 72. Nambala ngati imeneyo imamukhazika munthu mtima pansi, pomwe mawu oti "likuunikidwa" okha opanda nthawi amamupangitsa kumangolowa mu akaunti ola lililonse. Ikani nambala yanu yoona, ngati mumatenga masiku asanu nenani masiku asanu.

Malo aja oti lili pamsika koma zosintha zikuunikidwa ndi ofunika kuposa mmene amaonekera. Wolemba akapeza chilembo cholakwika pa tsamba 40 nkutumiza fayilo yatsopano, mantha ake ndi oti buku lachoka pamsika. Muuzeni momveka kuti lakale likugulitsidwabe mpaka latsopano livomerezedwe, ndipo muonetsetse kuti pulogalamu yanu ikuchitadi zimenezo.

Sitepe 3: Tsamba loyamba

Pamwamba penipeni pakhale zinthu zimene zikudikira wolemba kuti achitepo kanthu, ngati zilipo. Buku lakanidwa, fomu ya msonkho sinadzazidwe, banki yabweza ndalama, tsiku lomaliza lotumizira fayilo ya buku la pa oda layandikira. Chilichonse chikhale ndi batani lomutengera pamalo pokonzera pomwepo, osati kumuuza kuti pitani ku Settings akasake yekha. Ngati palibe chodikira, gawo limeneli lisaoneke nkomwe.

Pansi pake ndalama: zimene wapeza mwezi uno, ndi ndalama yotsatira imene alandire pamodzi ndi tsiku lake. Pansi pakenso mndandanda wa mabuku, lililonse ndi kachithunzi ka chikuto, mitundu yake ndi pamene yafika. Basi. Zolengeza za kampani yanu, malangizo a kalembedwe, zotsatsa ntchito zina zimene mumagulitsa, zonsezo zipite pansi kapena tsamba lina, chifukwa munthu sanabwerere zimenezo.

Ndipo ganizirani munthu amene wangotsegula akaunti lero, alibe buku, alibe malonda. Musamuonetse matebulo opanda kanthu ndi ma zero khumi. Muonetseni batani limodzi lalikulu loti yambani buku lanu loyamba, ndi kamndandanda ka zimene akonzeretu: fayilo ya buku, chikuto, mawu ofotokoza bukulo, zambiri za ku banki. Nthawi zambiri ife okonza timajambula dashibodi yodzaza ndi manambala ongopeka nkuiwala kuti aliyense amayambira pa tsamba lopanda kanthu.

Sitepe 4: Njira yoikira buku

Igaweni magawo anayi: zambiri za buku, fayilo, chikuto, mtengo. Munthu azitha kudumpha gawo nkubwereranso, chifukwa ambiri amakhala ndi fayilo koma chikuto chikadali kwa wojambula. Chilichonse chimene walemba chizisungika chokha akamalemba. Palibe chowawa ngati kulemba mawu ofotokoza buku kwa mphindi 40 kenako netiweki yadula zonse zapita, munthu wotero mwina sabweranso. Chimodzimodzi mafayilo akuluakulu, makamaka PDF yosindikizira ndi mafayilo a mawu, kutumiza kukaduka pakati kuzipitirira pamene kunalekera osati kuyambiranso.

Pa ebook, mtundu wa fayilo umene masitolo ambiri amalandira ndi EPUB. EPUB 3 inatuluka mu 2011 ndipo kuyambira 2017 ili m'manja mwa W3C, bungwe loika miyezo ya pa intaneti. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa EPUBCheck imene imaunika ngati fayilo ili bwino, iyendetseni pa fayilo iliyonse ikangofika. Koma chonde musatenge uthenga wa EPUBCheck mmene ulili nkumuponyera wolemba, uli ndi manambala a mizere ndi mayina a mafayilo a mkati oti munthu wolemba nkhani zachikondi sangamve kanthu. Tengani mavuto amene amabwera kawirikawiri, mwina khumi kapena khumi ndi asanu, muwalembenso m'mawu a anthu: chithunzi chimene chili m'mutu 3 sichikupezeka mu fayilo, chiikeninso nkutumizanso. Musiyanitsenso vuto loletsa kusindikiza ndi chenjezo chabe. Ngati mumalandira mafayilo a Word nkuwasandutsa EPUB nokha, muonetseni wolemba mmene bukulo lizionekera pa foni ndi pa tabuleti asanavomereze.

Chikuto chili ndi malamulo ake ndipo anenedwe munthu asanasankhe fayilo, osati atatumiza kale. Pa ebook, KDP imalimbikitsa mapikiselo 2560 mulitali ndi 1600 mulifupi, ndipo muyezo umenewu ojambula ambiri anauzolowera ndiye palibe chifukwa chopangira wanu wachilendo. Pa buku la pepala zithunzi zimafunika 300 DPI, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo ngati chithunzi chikufika m'mphepete pamafunika kuwonjezera 0.125 inchi, pafupifupi mamilimita 3, yodzadulidwa posindikiza. Chinanso, kukula kwa msana wa buku kumadalira kuchuluka kwa masamba ndi mtundu wa pepala, nchifukwa chake fayilo ya mkati iyambe kulowa, muwerenge masamba, kenako dashibodi imupatse wolemba muyezo weniweni wa chikuto chake oti atumize kwa wojambula. Mukatembenuza dongosolo limeneli anthu azijambulitsa chikuto kawiri.

ISBN: kuyambira mu 2007 imakhala ndi manambala 13, imayamba ndi 978 kapena 979, ndipo nambala yomaliza imawerengedwa kuchokera ku manambala 12 oyamba aja. Ndiye munthu akalakwitsa polemba mutha kumugwira pompo asanadine batani. Ngati pulatifomu yanu imapereka ISBN yaulere, nenani poyera kuti dzina la wosindikiza lidzaoneka lanu, komanso ngati angathe kuigwiritsa ntchito kwina kapena ayi. Ambiri amadzazindikira mochedwa nkukhumudwa.

Pa magulu a mabuku musapeke anu. Alipo kale awiri odziwika, BISAC imene imagwira ntchito kwambiri ku North America ndi Thema imene inapangidwira maiko onse, ndipo mukadzayamba kutumiza mabuku ku masitolo ena adzafuna zambiri za buku mu ONIX, mtundu wa fayilo wotumizira zambiri za mabuku, nde mabokosi a fomu yanu agwirizane ndi zimenezo kuyambira pano. Ikani kabokosi kosakira gulu, munthu asamatsike mndandanda wa mizere mazanamazana. Bokosi la chilankhulo cha buku likhale ndi zilankhulo zonse osati zikuluzikulu zokha, ndipo yesani ngati zilembo za zizindikiro pamwamba zikuoneka bwino pa mutu ndi pa dzina la wolemba, chifukwa dzina la munthu likaphwanyika pa sitolo ndi chipongwe chachikulu.

Pomaliza pa sitepe imeneyi, pali zinthu zoti buku likatuluka sizisinthikanso, monga ISBN ndi kukula kwa buku la pepala. Zisonyezeni ndi kachizindikiro pamene munthu akuzidzaza, muzibwerezenso pa sikirini yomaliza asanadine kuti sindikizani.

Sitepe 5: Ndalama

Apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene wolemba amakukhulupirirani kapena kukutayani. Dashibodi ikhoza kukhala yosakongola anthu nkupirira, koma nambala ya ndalama ikasintha popanda chifukwa chooneka, munthu amaganiza kuti mukumubera, olo musakumubera.

Yambirani pa bokosi loikira mtengo. Munthu akamalemba mtengo, pambali pake pazioneka nthawi yomweyo ndalama imene adzapeze pa buku limodzi, ndi masamu ake onse. Tione chitsanzo cha KDP poti ambiri amachidziwa: pa ebook pali royalty, gawo la mtengo limene wolemba amalandira, ya 35% ndi ya 70%, ndipo ya 70% ija pa sitolo ya ku America mu 2025 inkagwira pa mitengo ya pakati pa $2.99 ndi $9.99, komanso amachotsa kaye kandalama kotumizira fayilo kutengera kukula kwake. Ndiye buku la $4.99 silimupatsa wolemba 70% yathunthu ya $4.99, limamupatsa yocheperako pang'ono, ndipo buku la zithunzi zambiri limachepa kwambiri. Pa buku la pepala pamachotsedwanso mtengo wosindikizira. Kaya malamulo anu ndi otani, aikeni mzere ndi mzere: mtengo, chochotsedwa choyamba, chachiwiri, chotsala chanu. Munthu akaika mtengo woti sapezapo kanthu kapena wotsika kuposa mtengo wosindikizira, muuzeni pompo ndipo mumuonetse mtengo wotsikitsitsa umene ungatheke.

Tsopano malipoti. Pali manambala atatu osiyana amene madashibodi ambiri amawasakaniza kukhala amodzi. Yoyamba ndi ndalama yongoyerekeza, ya malonda a lero ndi dzulo, imene ikhoza kusintha. Yachiwiri ndi yotsimikizika, mwezi utatsekedwa, obweza mabuku atachotsedwa. Yachitatu ndi imene yatumizidwadi ku banki. Iliyonse ikhale ndi dzina lake ndi malo ake, ndipo yongoyerekeza ija ilembedwe poyera kuti ndi yongoyerekeza. Pakati pa yachiwiri ndi yachitatu pamakhala nthawi yaitali, KDP imalipira patapita masiku pafupifupi 60 mwezi utatha, kutanthauza kuti za Januwale zimafika kumapeto kwa Malichi. Wolemba watsopano sadziwa zimenezi. Mukapanda kumuuza, pofika Febuluwale akhala atakulemberani maimelo atatu. Ndiye pa mwezi uliwonse lembani tsiku limene ndalama yake ikuyembekezeka kutuluka, ndipo ngati muli ndi mlingo woti ndalama ifike kaye musanatumize, onetsani kuti yatsala zingati kuti ifike.

Wina akabweza buku, musafafanize malonda aja mwakachetechete. Dzulo munthu anaona 12, lero akuona 11, popanda mawu aliwonse, mukuganiza amva bwanji? Lembani mzere watsopano woonetsa kuti buku limodzi labwezedwa pa tsiku lakuti, ndalama yakuti yachotsedwa. Izi zikuyambira mu database momwe: kaundula wa ndalama azingowonjezeredwa mizere, mzere wakale usamasinthidwe kapena kufufutidwa. Mukalakwitsa, mumalemba mzere wina wokonza. Mukatero nambala iliyonse ya pa dashibodi munthu atha kuidina nkuona mizere imene yaipanga, mpaka kufika pa buku limodzi limodzi.

Kwa inu olemba code, ndalama musamaisunge ngati float, mtundu wa nambala ya kadontho umene kompyuta imasunga mongoyandikira. Mu zilankhulo zambiri za kompyuta 0.1 kuphatikiza 0.2 siipereka 0.3 yeniyeni, ndipo tizolakwika timeneti tikaunjikana pa malonda masauzande lipoti ndi malipiro zimasiyana ndi masenti angapo, wolemba wosamala amaona. Sungani ngati nambala yathunthu ya masenti kapena gwiritsani ntchito decimal, ndipo pa mzere uliwonse pakhale code ya ndalama ya zilembo zitatu ya ISO 4217, monga USD, EUR, GBP. Chizindikiro cha $ chokha sichikwanira poti maiko angapo ali ndi dola yawoyawo. Mukasintha ndalama kupita ku ya wolemba, sungani mtengo wosinthira umene munagwiritsa ntchito ndi tsiku lake, nkuuonetsa. Pa malonda a mwezi umene usanatsekedwe, chiwerengero cha ndalama zonse pamodzi ndi choyerekeza basi chifukwa mtengo wosinthira wa tsiku lolipira sunadziwike.

Msonkho nawo uonekere pa mzere wakewake. Makampani a ku America amadula 30% pa royalty ya malonda a kumeneko kwa anthu akunja, pokhapokha dziko la munthuyo lili ndi pangano la msonkho ndi America ndipo wadzaza fomu ya W-8BEN, apo imatsika. Kaya pulatifomu yanu ili pansi pa malamulo a dziko liti, wolemba aone ndalama isanadulidwe, chodulidwa, ndi chotsala, komanso adziwe ngati pali fomu imene ikanachepetsa chodulidwacho.

Ngati mumatumiza mabuku ku masitolo ena, ngati mmene imachitira Draft2Digital imene inagula Smashwords mu 2022, dziwani kuti Apple Books, Kobo ndi ena satumiza malipoti nthawi imodzi. Ena amatumiza tsiku ndi tsiku, ena mochedwa ndithu. Pa sitolo iliyonse lembani tsiku limene lipoti lomaliza linafika. Zero ya "palibe amene wagula" ndi zero ya "lipoti silinafike" ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wolemba amene walipira zotsatsa sabata ino akufunika kudziwa kuti ndi iti mwa ziwirizi, apo ayi aimitsa kutsatsa kumene kukugwira ntchito. Nenaninso kuti tsiku lanu limayamba nthawi yanji. Mkati sungani zonse mu UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, ndipo pa lipoti lembani kuti masiku akuwerengedwa mu nthawi iti.

Ngati muli ndi dongosolo loti owerenga amalipira pamwezi nkumawerenga mabuku ambiri, ngati Kindle Unlimited imene kuyambira 2015 imalipira olemba potengera masamba owerengedwa, masambawo akhale ndi gawo lawo, asasakanikirane ndi mabuku ogulidwa. Mtengo wa tsamba limodzi umadziwika mwezi utatha kale, nde chilichonse chimene mungaonetse mkati mwa mwezi nchongoyerekeza. Mabuku opatsidwa ulere nawonso awerengedwe paokha. Ndipo ikani batani lopangira download zonse mu CSV, fayilo yotsegulika mu Excel, chifukwa olemba ambiri ali ndi kaundula wawo kapena munthu wowawerengera za msonkho.

Sitepe 6: Ma graph

Awa achepe. Imodzi ya malonda pa tsiku kwa masiku 30 apitawa, yoti munthu atha kusankha buku, mtundu, sitolo ndi dziko, imakwana poyambira. Gwiritsani ntchito timizati osati mzere wokhotakhota, chifukwa olemba ambiri amagulitsa mabuku ochepa pa tsiku ndipo mzere wolumikiza 0 ndi 2 umanamiza ngati panali 1 pakati. Masiku opanda malonda azioneka, musawadumphe. Musadalire kufiira ndi kubiriwira kokha posiyanitsa zinthu, pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse amavutika kusiyanitsa mitundu, ikani mawu kapena chizindikiro pambali. Chinthu chimodzi chimene olemba amachikonda nchoti pa graph pazioneka kachizindikiro pa tsiku limene anasintha mtengo kapena chikuto, kuti aone ngati zinathandiza. Koma zomuuza munthu kuti ali pa nambala yakuti mwa olemba onse a pa pulatifomu, ine sindiika, sizimuthandiza kuchita chilichonse ndipo zimangomufooketsa amene wangoyamba.

Sitepe 7: Tetezani akaunti, makamaka pa banki

Wakuba akalowa mu akaunti ya wolemba sakufuna buku, akufuna kusintha nambala ya ku banki kuti malipiro otsatira apite kwa iye. Nde tsamba limenelo likhale lolimba kuposa ena onse. Pofuna kusintha za banki kapena imelo, munthu alowetsenso pasiwedi ndi code yachiwiri, uthenga upite ku imelo yakale nthawi yomweyo, ndipo malipiro opita ku akaunti yatsopano adikire masiku angapo. Nambala ya banki isamaoneke yonse pa sikirini, manambala anayi omaliza akwana.

Olemba ambiri ali ndi owathandiza, wina wokonza fayilo, wina wotsatsa. Mukapanda kuwapatsa njira yoitanira munthu wina mu akaunti, azingogawana pasiwedi. Pangani maudindo osachepera atatu: mwini, wosintha mabuku koma osaona ndalama, woona malipoti okha. Ndipo pakhale mbiri ya zochitika, ndani anasintha chiyani liti. Mafayilo akale a buku asungidwe kuti munthu atha kubwerera ku la dzulo ngati watumiza lolakwika. Batani lochotsa buku pamsika lisakhale pafupi ndi losintha, ndipo lifotokoze chimene chichitike: amene anagula kale akhala nalobe, ndalama zimene zatsala zilipidwabe, masitolo ena atenga masiku kuti alichotse.

Sitepe 8: Foni ndi liwiro

Kuika buku anthu ambiri amachitira pa kompyuta, koma kuona malonda amaonera pa foni, kangapo pa tsiku. Ndiye tsamba loyamba ndi la ndalama muyambe kulijambulira sikirini yaing'ono. Tebulo la mizati isanu ndi itatu silikwana pa foni, lisandutseni timakadi, buku lililonse kadi yake. Mabatani akhale aakulu moti chala chidina bwino, malangizo a Google a Android amati 48dp, pafupifupi mamilimita 9. Zilembo zisiyane bwino ndi mtundu wa kumbuyo kwake, WCAG, malangizo okonzera mawebusaiti kuti olumala nawo azitha kuwagwiritsa ntchito, imati kusiyanako kukhale 4.5:1 pa zilembo wamba, ndiye zilembo zotuwa pa zoyera zija zisiyeni. Pali olemba osaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga sikirini, graph iliyonse ikhale ndi tebulo la manambala omwewo ndipo fomu yonse izitheka ndi kiyibodi yokha.

Pa liwiro, manambala a tsamba loyamba awerengedweretu usiku kapena ola lililonse nkusungidwa, musamaphatikize malonda a zaka zisanu nthawi iliyonse munthu akalowa. Zithunzi za zikuto pa mndandanda zikhale tating'ono, osati fayilo yaikulu ija imene wolemba anatumiza, chifukwa zimenezo zimadya data ya munthu pachabe. Mauthenga a imelo atumizidwe pa zinthu zinayi zokha pokhapokha munthu wasankha zambiri: buku lavomerezedwa, buku lakanidwa ndi chifukwa chake, ndalama yatumizidwa, za chitetezo zasintha.

Sitepe 9: Bwererani kwa olemba aja

Musanalembe code yambiri, tengani zojambula zanu zodinika, mudzazemo manambala osakongola ngati a moyo weniweni, buku la mutu wautali kwambiri, mwezi wopanda malonda, buku lobwezedwa, ndalama zamitundu itatu. Kenako perekani ntchito kwa wolemba inu nkukhala chete. Muuzeni kuti, tapezani ndalama imene mulandire mwezi wamawa ndi tsiku lake. Tandiuzani chifukwa chimene buku ili lakanidwira ndipo mulikonze. Tatsitsani mtengo wa ebook yokha osakhudza la pepala. Tafotokozani chifukwa chimene nambala ya dzulo yatsikira. Kukhala chete nkovuta, munthu akamasochera pakamwa pamayabwa kuti umuuze pomwe pali batani, koma mukamuuza mwataya chimene munabwerera. Lembani pamene anaima, mawu amene sanawamve, ndi mawu amene iye anagwiritsa ntchito m'malo mwake, nthawi zambiri mawu akewo ndi amene akuyenera kupita pa batani.

Mukatsegulira anthu onse, mwezi woyamba werengani nokha maimelo onse obwera kwa othandiza makasitomala ndipo muwaike m'magulu. Gulu limene lili ndi maimelo ambiri ndi limene mukonze sabata yotsatira, ndipo tsiku loyamba la malipiro mukhale pafupi ndi kompyuta, mutenge maakaunti khumi mwachisawawa, muphatikize mizere ya mu kaundula pamanja nkuyerekeza ndi nambala ya pa dashibodi komanso imene yapita ku banki musanadine batani lotumizira ena onse.